Red Alert 2 pa Windows 11: pomwe ndafika

Loweruka masana

Chomwe ndikufuna ndi ichi: Red Alert 2 ya pa madiski enieni awiri aja, ya Allied ndi ya Soviet, iyende pa laputopu ya Windows 11, kampeni zonse ziwiri ziseweredwe mpaka kumapeto, mavidiyo aziwoneka bwinobwino, kenako tizimenyana ndi mnzanga pa LAN (netiweki ya makompyuta a m'nyumba imodzi) makina awiri. Gemuyi inatuluka mu Okutobala 2000, anaipanga ndi a Westwood, ndipo nthawi imeneyo inkangofuna Pentium II ya 266 MHz ndi RAM ya 64 MB basi. Laputopu yangayi ili ndi RAM ya 16 GB, ndiye kuti kuchulukitsa ka 256, nde nkhani ya mphamvu tiyiiwale. Chomwe gemu ngati iyi imasowa pa makina atsopano ndi zinthu zomwe inkazipeza zili kale mu Windows 98 ndi Windows 2000, zomwe zakhala zikuchotsedwa chimodzichimodzi pa zaka zonsezi, ndipo ntchito yanga ndikupeza kuti chasowa ndi chiti komanso chingalowe mmalo mwake ndi chani.

Ndikudziwa kuti kuyambira Malichi 2024 ikupezeka pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mkati mwa mtolo wa Ultimate Collection, amene alibe madiski njira yachidule ndi imeneyo. Ine madiski ndili nawo, serial ili pachikuto pomwepo, nde ndikufuna omwewo agwire ntchito.

Laputopu ilibe polowetsa CD, ndagwiritsa draivu ya DVD ya pa USB. Autorun sinachite kalikonse, ndangotsegula diski mu File Explorer ndikuyendetsa Setup ngati administrator. Apa mwayi ulipo chifukwa Setup yake ndi ya 32-bit. Windows 11 ndi ya 64-bit yokhayokha, mapulogalamu a 32-bit imawayendetsa kudzera mu WOW64 koma a 16-bit imakaniratu, ndipo magemu ambiri a mma 90 amafera pomwepa, gemu yeniyeni ili 32-bit koma kapulogalamu koinstolera kali 16-bit. Iyi yadutsa. Za DirectX yakale yomwe ili pa diski ndazisiya, za Westwood Online ndazisiyanso poti maseva akewo kulibe. Foda ndasiya yomwe imasankha yokha, C:\Westwood\RA2, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asaisunthire mu Program Files, chifukwa kuyambira pa Vista pulogalamu yakale ikafuna kulemba mmenemo Windows imaipatutsira mwakachetechete ku foda ya VirtualStore, nde umapezeka ukusintha fayilo ya maseting'i koma gemu ikuwerenga ina.

Pamwamba pake ndaika patch (update yokonza gemu) ya 1.006, yomaliza yomwe eni ake anatulutsa.

Loweruka usiku

Kudina ra2.exe, kamausi kakuzungulira pang'ono, diski ikulira mu draivu, kenako zii. Palibe uthenga, palibe windo. Mu Task Manager game.exe ikuwonekera kamphindi nkuzimiririka.

Ndayesa kaye zomwe aliyense amayamba nazo, Properties, Compatibility, Windows XP Service Pack 3, kenako Windows 98, ndi run as administrator. Palibe chasintha, ndipo nzosadabwitsa. Compatibility mode ija anthu amaitenga ngati imasandutsa kompyuta kukhala XP koma ayi, kwakukulu imangonamiza pulogalamu ikafunsa kuti kodi ndili pa Windows iti, ndikukonza tizinthu tina ting'onoting'ono ta kachitidwe kakale. Chinthu chomwe chinachotsedwa mu Windows siyingachibweze.

Kuyang'ana pa diski pali mafayilo awa: 00000001.TMP, drvmgt.dll ndi secdrv.sys. Ukangowaona amenewa dziwa kuti ndi SafeDisc, chitetezo cha Macrovision choletsa kukopa ma CD chomwe chinali pa magemu ambirimbiri a nthawi imeneyo. Kagwiridwe kake, pa diski yeniyeni pali magawo omwe anawonongedwa dala pofakitale, pulogalamu imawafufuza kuti itsimikize kuti diskiyi si yowotcha, ndipo kuti ichite zimenezo imadalira driver ya secdrv.sys yomwe imalowa mkatikati mwa Windows, ku kernel. Driver imeneyi inapezeka ndi zibowo zoti pulogalamu yoipa ikhoza kudzerapo nkutenga ulamuliro wa makina onse. Windows 10 itatuluka mu 2015 inabwera yosaithandiza, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho update ya KB3086255 inaizimitsanso pa Vista, 7, 8 ndi 8.1. Pa 7 paja munthu ukhoza kuiyatsanso pamanja, pa 11 mulibemo nkomwe. Nde gemu ikufunsa driver, yankho palibe, ikuganiza kuti diski ndi yabodza nkudzitseka. Zoseketsa nzakuti amene wavutika ndi mwini diski yeniyeni.

Pali anthu amalangiza kutenga secdrv.sys yakale, kuisayina wekha, nkuika Windows mu test mode kuti iilandire. Ine zimenezo ayi. Laputopu yomweyi ndimagwirirapo ntchito, sindingatsegule khomo la ku kernel chifukwa cha akasinja a pa gemu. Ma exe oswedwa omwe ali mbwee pa intaneti nawonso sindikuwafuna, sudziwa kuti wakupakiramo chani.

Lamlungu mmawa

Ndapeza SafeDiscShim, kapulogalamu ka open source komwe kali pa GitHub. Nzeru yake ndi yabwino: sikachotsa chitetezo, diski ikufunikabe mu draivu, koma gemu ikaitana driver ija kameneka ndi komwe kamayankha, ndipo kamayankhira kunja kwa kernel, nde chibowo chija sichitseguka. Ndakainstola, diski ya Allied mu draivu, kudina ra2.exe, diski yalira nthawi yotalikirapo kusiyana ndi dzulo, sikirini yaphethira, nyimbo ya pa menyu yayamba.

Nyimbo yokha. Sikirini bii. Kamausi ka gemu kakuwoneka, ndikakayendetsa pomwe pakuyenera kukhala mabatani ndikumva kulira kwa batani koma sindikuwona kanthu. Kukanikiza Alt ndi Tab nkubwerera, menyu ikuwoneka koma yowuma, ndikadina Single Player chithunzi sichikusintha mpaka nditatulukanso nkubwerera. Komabe ndasangalala, chifukwa vuto loyamba latha ndipo ili ndi lina, la zithunzi.

Lamlungu masana, nkhani ya DirectDraw

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo magemu ambiri a 2D a zaka zimenezo amadwala matenda omwewa.

Red Alert 2 imajambula kudzera mu DirectDraw, gawo la DirectX lomwe linasiya kukonzedwa kalekale, DirectX 8 itabwera mu 2000 chidwi chonse chinapita ku Direct3D. Fayilo ya ddraw.dll ikadalimo mu Windows 11 koma zomwe zili pansi pake zinasinthiratu. Gemuyi imayembekezera kuti sikirini yonse ndi yake yokha, imauza makina kuti sintha upite ku 800x600 ndi mitundu ya 16-bit, kenako nkumalemba molunjika pa chithunzi chomwe chikupita ku monita. Kuyambira pa Windows 8 zinthu ziwiri zinasintha. Desktop Window Manager, yomwe imasonkhanitsa mawindo onse nkupanga chithunzi chimodzi, siyizimitsikanso, pomwe pa 7 umatha kuithimitsa pongochonga kabokosi. Chachiwiri, desktop imakhala pa 32-bit nthawi zonse, 16-bit ija Windows imangoyerekezera. Ndiye gemu ikulemba pamalo pomwe ikuganiza kuti ndi pa sikirini, koma pali wina pakati yemwe sakudziwa kuti chithunzi chasintha.

Chowonjezera, menyu za gemuyi si zojambula za gemu zokhazokha, mabatani ndi timabokosi tija ndi timawindo ta Windows wamba tomwe anativeka zithunzi nkutisanjika pamwamba pa DirectDraw. Pa 98 zinkayenda bho. Pano ndi chifukwa chake mabatani akumveka koma osawoneka.

Ndayamba ndi njira yosafuna kudawuniloda kanthu. Mu foda ya gemu muli ra2.ini, pansi pa mutu wa Video ndalemba VideoBackBuffer=no. Pa Compatibility ndachonga Reduced color mode 16-bit, ndi Disable fullscreen optimizations, komanso za high DPI ndaika kuti Application izidzisamalira yokha, chifukwa laputopu ili pa scaling ya 125% ndipo kamausi kamadina pambali pa pomwe kakuloza. Zathandizako ndithu, menyu ikuwoneka, ndalowa mu skirmish, nkhondo yomenyana ndi kompyuta kunja kwa kampeni. Koma mkati mwa gemu ndi mavuto okhaokha, kusuntha mapu kukuchita kudukiza, akasinja akachuluka zonse zikulemera ngati makina ndi a 1998, ndipo ndikangoti Alt Tab kamodzi ndabwerera ku mdima uja, nyimbo ikuyimba, asilikali akuyankha, ine osawona. Kusewera kotere munthu sungapirire mishoni 12 za mbali imodzi.

Nde ndapita ku cnc-ddraw. Iyinso ndi ya open source, ili pa GitHub, ndipo tengani kumeneko osati pa masayiti ongotolera mafayilo. Ndi ddraw.dll ina yolembedwa mwatsopano, umaiponya mu foda ya gemu pamodzi ndi ddraw.ini, foda ya Shaders ndi kapulogalamu ka config. Chinsinsi chake nchakuti pulogalamu ikafuna DLL, fayilo ya ma code omwe mapulogalamu amabwereka, Windows imayamba yayang'ana mu foda ya pulogalamuyo isanapite ku mafoda ake, nde gemu imatola ddraw.dll yatsopanoyi osadziwa. Iyo imalandira zonse zomwe gemu ikulamula mchinenero chakale, kuipatsa chithunzi cha 16-bit chomwe ikufuna mu memory, kenako nkuchijambula pa sikirini kudzera mu Direct3D 9, OpenGL kapena GDI. Palibe fayilo ya Windows yomwe yakhudzidwa, ukafuna kubwerera umangofufuta DLL ija.

Chofunika kwambiri, ndipo malangizo ake amanena, ma compatibility onse aja achotsedwe pa ra2.exe ndi pa game.exe pomwe. Ukasiya 16-bit ya Windows ili yochonga ndiye kuti anthu awiri akukonza chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ndachotsa zonse, ndayendetsa, menyu yabwera yowala bwino, mabatani onse alipo, Alt Tab ikutuluka nkubwerera popanda vuto. Kkkk kafayilo kamodzi.

Lolemba usiku

Lero zinali za kukula kwa chithunzi, ndipo apa pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Pali resolution yomwe gemu ikujambula, imeneyo ili mu ra2.ini, ScreenWidth ndi ScreenHeight. Ndiye pali kukula komwe cnc-ddraw ikutambasulira chithunzicho pa monita, kumeneko kuli mu ddraw.ini. Mu menyu ya gemu mumangopezeka 640x480, 800x600 ndi 1024x768 pokhapokha utalemba AllowHiResModes=yes, kapena kungolemba manambala wekha mu fayilo.

Ndinayamba ndi 1920x1080 poti ndi ya laputopuyi. Ikuyenda, ndipo ukuwona dera lalikulu zedi la mapu, koma gemuyi ndi ya zithunzi zojambulidwa kale, siyikulitsa kanthu, msilikali yemwe anali wa mapikiselo angapo pa monita ya 800x600 ali ndi mapikiselo omwewo pa sikirini ya mainchesi 15. Agalu sakuwoneka nkomwe, ma engineer a adani akulowa mu base ine ndikuyesa kachitsotso, zolemba za pa sidebar mpaka kuwerama. Komanso mamapu ena ang'onoang'ono a kampeni anapangidwira sikirini yaing'ono, ukakulitsa kwambiri umawona mmphepete mwakuda ndi zinthu zomwe sunayenere kuziwona msanga.

Ndakhazikika pa 1280x720 mu ra2.ini, cnc-ddraw nkumaitambasula kudzaza sikirini. Maonekedwe ndi 16:9 onse awiri nde palibe chopindika. Mu ddraw.ini ndaika fullscreen=true ndi windowed=true pamodzi, zomwe zimapereka windo yopanda malire yodzaza sikirini, ndi maintas=true kuti menyu zomwe zimakhalabe 800x600 zisafutukuke mmbali, zizingokhala ndi mizere yakuda uku ndi uku. Ena mizere imeneyi imawanyansa, ine bola imeneyo kusiyana ndi nkhope zonenepa za mmavidiyo. Renderer ndayesa onse, pa makina anga direct3d9 ndi opengl sindikuwona kusiyana, gdi ikulemerako. Ndasiya pa auto. Ma shader osalaza aja ndawayesa nkuwachotsa, akupangitsa nyumba kuwoneka ngati zasungunuka, ndasiya wongotambasula wamba.

Mavidiyo a pakati pa mishoni anali kabokosi kakang'ono pakati pa sikirini, StretchMovies=yes mu ra2.ini yakonza. Ndi a mtundu wa mavidiyo wotchedwa Bink, akuwerengedwa kuchokera pa diski, nde draivu ya USB ikagona vidiyo imayamba mochedwa masekondi angapo, kenako imayenda bwino.

Tizinthu tiwiri tothandiza: Alt ndi Enter ikusintha pakati pa windo ndi sikirini yonse, Ctrl ndi Tab ikumasula mausi ngati yatsekeredwa mkati mwa gemu.

Lachiwiri

Liwiro. Mu skirmish ndinakankhira slider ya Game Speed kumapeto ngati momwe tinkachitira kale, eee, kompyuta inandipeza ndi akasinja ndisanamalize ndi barracks yomwe. Mu gemuyi kuyenda kwa nkhondo kumamangidwa ku mafelemu, felemu iliyonse ndi sitepe imodzi ya zonse zomwe zikuchitika, ndipo malo omaliza a slider aja alibe malire, amatanthauza thamanga momwe purosesa ingathere. Pa Pentium II purosesayo ndi yomwe inali buleki. Pano buleki palibe. Kutsitsa ndi sitepe imodzi kukuimika pa mafelemu 60 pa sekondi, ndipo pamenepo ndi pomwe ndikuseweretsa. Mu ddraw.ini mulinso maxgameticks ya magemu omwe alibe malire awoawo, apa sindinaifune. Scroll Rate nayo ndatsitsa, mapu amathawa ndikangogunda mmphepete.

Gemu inaima kamodzi pakati pa mishoni ya Allied, chithunzi chinawuma nyimbo ikupitirira. Magemu a nthawi imeneyo analembedwa poganiza kuti purosesa ndi imodzi, ndipo ma thread awo akamwazikana pa ma core ambiri nthawi zina amapondana. Mu ddraw.ini muli singlecpu, ndaonetsetsa kuti ili true, ndazimitsanso overlay ya pulogalamu yojambulira sikirini yomwe imadzilowetsa mu gemu iliyonse. Chiyambireni sinaimenso. Pano ndikusintha chinthu chimodzi pa nthawi nkulemba mu kafayilo ka notepad, ndipo ra2.ini ndi ddraw.ini zomwe zikugwira ndazikopera pambali, chifukwa gemu imalembanso ra2.ini yokha ukangokhudza Options, nde manambala ako a resolution akhoza kupita osatsanzika.

Save ndi load zikugwira, mafayilo ake akugwera mu foda ya gemu momwemo.

Lachinayi usiku, makina achiwiri

Mnzanga wabwera ndi desktop yake ya Windows 10, ili ndi draivu ya DVD yakeyake ndipo madiski ndi serial ali nazo zake. Tinagwirizana kuti tiyese kaye njira yachidule tione ngati itheka: kukopa foda yanga yonse ya RA2 pa fulashi, poti ili kale ndi patch ndi maseting'i onse, nkuiponya pa makina ake.

Choyamba chinabwera ndi kabokosi ka FATAL konena kuti String Manager yalephera kuyamba. Uthengawu umasocheretsa, umakhala ngati fayilo ya zolemba yasowa, koma nkhani ndi Blowfish.dll. Mafayilo a gemuyi ali mmitolo ya .mix, ndipo mitu ya mitolo ina ndi yokhomedwa ndi Blowfish, nde gemu imafuna DLL imeneyi kuti iwerenge ngakhale mawu a pa menyu. Kungokhala mu foda sikokwanira, imayenera kulembetsedwa mu registry, kaundula wa maseting'i a Windows, ntchito yomwe Setup imachita. Tinatsegula Command Prompt ngati administrator nkuyendetsa regsvr32 ya mu C:\Windows\SysWOW64 pa fayiloyo, poti DLL ndi ya 32-bit ndipo za 32-bit zimakhala mmenemo. Tinatenganso makiyi a registry, pa makina a 64-bit ali pansi pa HKEY_LOCAL_MACHINE, SOFTWARE, WOW6432Node, Westwood. SafeDiscShim tinaikanso. Gemu inatseguka bwinobwino, ife nkumati zatheka.

Skirmish yayamba, MCV, galimoto yomwe imasanduka likulu la base, yatambasuka, power plant ikumangidwa, patangotha ngati theka la mphindi chilichonse chinaphulika. Nyumba, asilikali, zonse phuu nthawi imodzi popanda mdani ndi mmodzi yemwe pafupi, kenako uthenga woti wagonja. Mnzanga anayesa ndi bug ya Windows 10, koma ichi ndi chitetezo chachiwiri chomwe a Westwood anaikamo dala, chosiyana ndi SafeDisc. Pa nthawi yoinstola pamapangidwa fayilo ya conquer.dat yomwe imamangidwa ku serial ndi ku hard disk ya makinawo. Ra2.exe ndi kotsegulira chabe, imayang'ana fayilo imeneyi nkuuza game.exe kuti zonse zili bwino. Uthengawo ukapanda kufika gemu siyikana kuyamba, imakulola usewere pang'ono kenako nkukuphulitsira zonse. Zimachitikanso ukadumpha ra2.exe nkutsegula game.exe mwachindunji, nde amene mukupanga shortcut samalani kuti ikuloza kuti. Kunena zoona pa zitetezo zonse za nthawi imeneyo ichi ndimachipatsa ulemu, chili ndi nthabwala zake.

Nde njira yachidule palibe. Tafufuta foda, tachotsa makiyi aja, tainstola kuchokera pa diski yake ndi serial yake, patch 1.006, kenako kuchokera kwa ine tangotenga ra2.ini ndi mafayilo a cnc-ddraw basi. Base yake yakhala.

Lachisanu, LAN

Kudina Network pa menyu, gemu ikungobwerera pomwe inali. Iyi ndimaiyembekezera. LAN ya Red Alert 2 imayenda pa IPX, protocol ya Novell ya masiku a NetWare, osati TCP/IP yomwe tonse tikugwiritsa ntchito pano. Pa XP umangopita ku maseting'i a netiweki nkuwonjezera NWLink IPX/SPX, koma kuyambira pa Vista inachotsedwa. Gemu ikapempha socket ya IPX, Windows ikuti sindikuidziwa.

Mankhwala ake ndi ofanana ndi a DirectDraw aja, DLL yoima pakati. IPXWrapper ili ndi wsock32.dll, mswsock.dll, dpwsockx.dll ndi ipxwrapper.dll, zonse umaziika mu foda ya gemu pa makina onse awiri. Gemu ikatumiza paketi ya IPX, izo zimaikulunga mu UDP nkuitumiza pa netiweki wamba, kutsidya kuja zinzake nkuimasula. Windows Security inadandaula pang'ono ndi ma DLL achilendo, zomwe sizodabwitsa pa mafayilo omwe ntchito yawo ndi kuima pakati pa pulogalamu ndi netiweki, ndinatsimikiza kaye kuti ndawatenga kwa eni ake ndisanawalole.

Lobby inatseguka pa makina onse awiri koma aliyense ali yekhayekha, sitikuwonana. Apa panatenga nthawi. Ping pakati pa makina awiriwa imadutsa mbali imodzi yokha, zomwe zinatilozera ku firewall. Wi-Fi ya laputopu yanga inali pa Public, ndipo pa Public Windows imatseka zambiri zolowa. Ndaisintha kukhala Private, ndalola game.exe pa firewall, osati ra2.exe yokha chifukwa yolankhula pa netiweki ndi game.exe, ndipo port yomwe IPXWrapper imagwiritsa ntchito ukapanda kuisintha ndi UDP 54792. Kuzimitsiratu firewall yonse ngati momwe ena amanenera sikofunika.

Sitinawonanebe. Chotsalira chinali ma adapter. Laputopu yanga ili ndi Wi-Fi, Ethernet, adapter ya VirtualBox ndi ina ya VPN, ndipo gemu imafuula pa khomo lolakwika. Mu ipxconfig.exe muli posankha Primary interface, ndasankha yeniyeniyo, enawo ndawachotsa chonga. Dzina la mnzanga linatulukira mu lobby nthawi yomweyo.

Gemu yoyamba pa Wi-Fi imadukiza, kamphindi kalikonse kuima kudikirana. Chifukwa chake ndi momwe magemu amenewa amayendera pa netiweki: satumizirana malo a kasinja aliyense, amangotumizirana malamulo omwe wosewera wapereka, ndipo kompyuta iliyonse imawerengera nkhondo yonse payokha sitepe ndi sitepe. Paketi imodzi ikachedwa onse amaima kuidikira. Ndi chifukwa chakenso mafayilo ayenera kufanana ndendende, wina akakhala ndi patch ina kapena rules.ini yosinthidwa mu foda, mawerengero amasiyana nkutuluka Reconnection Error. Tinalumikiza makina onse awiri ku rauta ndi mawaya, ndasinthanso Primary interface kupita ku Ethernet, kudukiza konse kunatha. Tasewera mpaka usiku, iye Iraq ndi ma Desolator ake, ine Korea ndi ma Black Eagle, ndipo za zotsatira sindilemba pano.

Loweruka

Pomwe zinthu zili: kampeni ya Allied ndadutsa theka popanda kuima kwina, ya Soviet ndayesa mishoni yoyamba yokha ndi diski yake, ikuyenda. Skirmish bho, LAN bho pa waya. Mu foda ya gemu zachilendo zomwe zilimo ndi mafayilo a cnc-ddraw ndi a IPXWrapper, kunja kwake SafeDiscShim ndi lamulo limodzi la firewall. Pa Compatibility palibe chochonga chilichonse.

Chikundivutabe ndi mawu. Ndikalumikiza mahedifoni a Bluetooth gemu ili kale mkati, mawu amapitirira kutulukira ku sipika za laputopu mpaka nditaitseka nkuitsegulanso. Gemu imasankha chipangizo cha mawu kamodzi poyamba kudzera mu DirectSound ndipo siyiyang'ananso, masiku amenewo sound card siinkasintha pakati pa masewera. Pakadali pano ndikungolumikiza mahedifoni kaye kenako gemu. Draivu ya USB nayo ikumagona ikakhala nthawi osawerengedwa, ndikufuna ndiyese kuzimitsa USB selective suspend mu Power Options ndione ngati kuchedwa kwa mavidiyo kuja kuthe.

Kenako Yuri's Revenge, gawo lowonjezera la Red Alert 2 la 2001 lija. Imalowa mu foda yomweyi koma ili ndi zake, ra2md.exe, gamemd.exe ndi ra2md.ini, patch yake ndi 1.001, nde manambala a resolution ndi StretchMovies ndiyenera kuwalembanso mu ini yakeyo, ndipo firewall iyenera kudziwitsidwa za gamemd.exe payokha. Ikakhazikika imeneyo ndiyesa client ya CnCNet, pulogalamu yosewerera magemu amenewa pa intaneti, kuti tizisewera ndi mnzanga aliyense ali kwawo, chifukwa kunyamula desktop sabata iliyonse wanena kale kuti sangakwanitse. CnCNet imabwera ndi ma renderer akeake, nde ndisanaiike ndikopa foda yonse momwe ililimu kuti ddraw.ini yangayi isalembedwe pamwamba.